Yalani ukondewo pamchenga

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo. Mawu athu m'mawa uno ndi Masalimo 147:3: "Achiritsa osweka mtima, namanga mabala ao." Vesiyi mukuidziwa, ena munailoweza ku Sande sukulu. Ndingopempha chinthu chimodzi tisanapite patali: lero wina akakufunsani za moyo, musayankhe kuti "ndili bwino" pamene simuli bwino.

Lachiwiri usiku kunagwa chizimalupsa kuno ku Nkhotakota. Kamvula kosadzaza ngakhale ndowa. Koma madontho oyamba atangogunda malata, ndinangozindikira ndaima pakati pa nyumba, mwana ndabereka kale, chikwama cha makadi a sikelo ndi ziphaso chili m'manja, ndikukuwa kuti tiyeni, tiyeni. Bambo a kunyumba anayatsa tochi. "Mayi, tipite kuti? Madziwo ali kuti?" Pansi panali pouma gwa. Ine ndekha ndi amene ndinali m'madzi, madzi a kumapeto kwa February 2024, pamene Dwangwa anasefukira n'kutilowera m'nyumba usiku. Tinachezera pachulu, kenako bwato, kenako msasa wa pasukulu. Mbuzi zinapita, mpunga unapita. M'banja mwathu simunafe munthu, ndiye ndinadziuza kuti ndilibe cholirira. Aliyense ankati thokozani Mulungu muli moyo, ndipo ndinathokoza, mpaka lero ndikuthokoza. Koma thupi langali likamva mvula silifunsa kuti tinasamuka kapena ayi.

Kutacha Lachitatu ndinapita kunyanja kukagula usipa, maso ali psuu. Ndinapeza alamu anga ayala ukonde pamchenga. Unakodwa pamiyala. Anakhala pansi, mbali ina aikoleka kuchala chachikulu chakuphazi kuti ikungike, singano yosokera ukonde m'manja, mnyamata wawo wagwira mbali inayo. Ndinati, "Alamu, tizibowo tating'ono chonchi, osangopita nawo bwanji?" Anaseka osadzutsa mutu. "Mlamu, polowa chala lero, mawa palowa mutu. Ukonde ukapindidwa m'bwato umaoneka wabwinobwino. Umadziwika m'madzi."

Ndinaima pamenepo ndi beseni langa, usipa n'kuiwala. Ukonde wopindidwa uja ndi ine. Lamlungu ndimavala chitenje chochita kusita, ndimaimba, ndimapereka moni ndi manja awiri. Ndapindidwa bwino. Koma chabwino chilichonse cholowa mwa ine chimatulukira pabowo. Ana akuseka, ine ndikuyang'ana mitambo. Bambo abweretsa chambo, ine ndawakalipira chifukwa chitseko chamenyetseka. Ulaliki walowa khutu ili, pofika pamsewu wadutsa kale ngati usipa pa ukonde wong'ambika.

Yalani ukondewo, abale. Sindikunena ine ndekha. M'gulu lino muli amene munapulumuka ngozi ya minibasi pamsewu wa M5 ndipo mpaka lero mukamva mabuleki mumagwira mpando. Muli amene mbava zinakuthyolerani chitseko. Muli amayi amene munaika mwana m'manda, anthu atabalalika pamaliro n'kukusiyani ndi mawu akuti limbani mtima. Muli amene munachitidwa chipongwe muli aang'ono ndipo simunauzepo munthu. Inunso abambo, nkhani ya mwamuna salira ija yakupindani mpaka ena mwayamba kusoka ndi kachasu, ulusi woduka dzuwa lisanatuluke.

Ndipo ife a mpingo, ndinene mwachikondi, ndife akatswiri opinda maukonde a anzathu. Munthu wangoyamba kuti usiku sindigona, ife tam'dula kale: pempherani kwambiri, mwina chikhulupiriro chachepa, mwina ndi ziwanda. Anzake a Yobu anakhala naye pansi masiku 7 osalankhula kanthu, ndipo zinthu zinayamba kuipa atatsegula pakamwa. Ine ndimapemphera, musandimve molakwa. Pachulu paja ndinapemphera kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga. Koma vesi lathu likuti amamanga mabala. Bala limamangidwa ndi manja. Mwana akapsa ndi phala timapemphera tili panjira ya kuchipatala, ndipo palibe amati takana Yesu.

Tsopano ndiulule, poti n'chimene chandivuta sabata ino. Chaka chatha ndinayamba kupita kuchipatala kukaonana ndi anesi oona za maganizo. Ndinapita mobisa, chitenje kumutu ngati ndikupita kwa sing'anga, chifukwa kwathu kuno ukangotchula za maganizo anthu amaganiza za Zomba, amati wayamba misala. Ndinkayembekeza jakisoni ndi zingwe. Ndinapeza mpando, chitseko chotseka, ndi mayi wofatsa amene anati, "Mayi, yambani pamene mungathe." Anandiuza kuti zimene ndikuonazi zili ndi dzina, pa Chingerezi amati PTSD: maloto oipa, kudzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono, kuona zomwe zija ngati zikuchitika panopa, kupewa malo amene zinachitikira. Anati munthu akakumana ndi zoopsa, masiku oyamba zoterezi n'zachibadwa, koma zikapitirira mwezi n'kumasokoneza tulo, ntchito ndi banja, pamenepo pafunika thandizo. Anati thupi linaphunzira kuthawa kuti lindipulumutse, ndipo silinamve kuti madzi anaphwa. Ndinalira. Kwa nthawi yoyamba munthu sanandiuze kuti tonthola.

Anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono, mpweya wotuluka kutalika kuposa wolowa. Anandiphunzitsa kuti mantha akandigwira ndiziponda pansi ndi mapazi onse, n'kutchula zinthu 5 zimene ndikuona: mphika, mpando, nsapato za mwana, kalendala, khomo. Kenako nkhani ya usiku uja tinkaifotokoza pang'onopang'ono, lero mpaka pamene madzi anafika m'mawondo, ulendo wina mpaka pachulu. Zinkawawa. Alamu anga aja asanamange mfundo yatsopano amayamba adula ulusi wothethekawo, bowo limaoneka ngati lakula, ndiye amayamba kumanga diso limodzi limodzi. Wongodutsa atha kuganiza kuti akuwononga.

Ndinapita katatu. Kenako kunabwera chilimwe, kumwamba kunayera, ndinayamba kugona, ndalama ya kabaza inkandiwawa, komanso mayi wina wa kumpingo anandiona pakhomo lija n'kundifunsa kuti mwadwala chiyani. Ndinasiya. Ndinapinda ukonde wosokedwa theka n'kuuika m'bwato. Lachiwiri lija wadziwika m'madzi.

Pa Mateyu 4:21 Yesu anapeza Yakobo ndi Yohane ali ndi bambo wawo Zebedayo, akusoka makoka. Sanawadzudzule kuti bwanji osangowapempherera. Anawaitana ali pa ntchito yomweyo, ulusi m'manja. Ine vesi limeneli landigwira sabata ino kuposa maulaliki ambiri, chifukwa ndinkaganiza kuti Ambuye adzandifuna ndikadzatha kusokedwa.

Ndipo sikuti wogwira mbali inayo ayenera kukhala dokotala nthawi zonse. Ku Harare, dokotala wa za maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006: agogo aakazi ophunzitsidwa kumvetsera, okhala pabenchi panja pa chipatala, kuthandiza anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira. Agogo enieni ngati athuwa. Kusiyana kwake n'kwakuti anaphunzira kusunga chinsinsi ndi kusadula munthu mawu, zinthu ziwiri zimene m'magulu athu a amayi zimasowa ngati shuga mu January. Komabe pali mabowo ena ofuna katswiri. Ngati mukumva kuti moyo watha ntchito, kapena maganizo odzipha akukubwererani, musadikire msonkhano wa Lachinayi. Uzani munthu lero, pitani kuchipatala cha boma lero, mufunse oona za maganizo. Ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kulinso a St John of God amene ntchito yawo ndi yomweyi.

Ukonde wa alamu anga uli ndi zigamba za ulusi wobiriwira, wina woyera, wina wofiira, malinga ndi umene unapezeka tsiku limenelo. Suoneka ngati wa m'sitolo, ndipo sudzaonekanso choncho. Dzulo madzulo apita nawo kunyanja. Ambuye wathu yemwe anauka ndi zipsera m'manja, namuuza Tomasi kuti gwira.

Atate, inu omanga mabala, tipatseni mtima woyala zimene tapinda. Tumizani manja ofatsa. Ifenso mutitseke pakamwa mnzathu akayamba kulankhula. Amen.

Ine Lolemba ndikubwerera kwa anesi aja. Bambo ati andiperekeza, ndipo chitenje sindifunda kumutu. Chikwama chija chikadali kuseri kwa chitseko, sindinachimasule, ndipo kutsidya kwa nyanja m'mawa uno kwachita mitambo. Mundikumbukire m'mapemphero.