Fani ya kakompyuta ikulira kapena yangoti zii: firmware ingathandize pati?

Moni nonse amene mukutionera. Tili kuno ku Zomba, ndipo patebulo pano pali timakompyuta tiwiri. Aka kakudaka ndi Intel NUC, mtundu wa timakompyuta tija timabisika kuseri kwa sikirini m'mashopu osindikiza mapepala. Aka kopanda chikutoka ndi Raspberry Pi 5. Funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti, "Achimwene, fani yanga ikulira ngati chigayo, ndikaika BIOS yatsopano isiya?" Mwina isiya. Koma musayambire pamenepo, ndipo ndikuonetsani chifukwa chake.

Firmware ndi malamulo olembedwa m'kachipu ka pa bolodi, amene amadzuka Windows kapena Linux isanadzuke. Pa timakompyuta ta mtundu wa NUC, Dell OptiPlex Micro kapena Lenovo ThinkCentre Tiny, malamulowa ndi BIOS, ndipo nthawi zambiri pamakhalanso kachipu kena kotchedwa EC kamene kamayang'ana kutentha n'kuuza fani liwiro loti izungulire. Pa Raspberry Pi 5 malamulowa amatchedwa bootloader, ndipo amakhala m'kachipu kosunga uthenga kotchedwa EEPROM.

[Kamera iyandikire mawaya a fani]

Taonani mawayawa, alipo anayi. Awiri ndi a magetsi. Wachitatu ndi wolamula liwiro, wachinayi amabweza uthenga wa mmene fani ikuzungulirira. Ngati munagula kafani ka mawaya awiri n'kukalumikiza pa mapini a 5V, kazizungulira usana ndi usiku, chifukwa palibe njira yoti kompyuta ikalankhule nako. Pamenepo musavutike n'kusaka firmware.

Tiyambe ndi fani yokhala chete, popeza ambiri amabweza katundu wabwinobwino kwa wogulitsa. Fani ya Raspberry Pi 5 siizungulira pulosesa isanafike madigiri 50. Ikafika 50 imayamba pang'onopang'ono, pa 60 imawonjezera, pa 67.5 imawonjezeranso, ndipo pa 75 imathamanga ndi mphamvu zonse. Ndiye m'mwezi wa June, chifunga chikatsika kuchokera kuphiri kuno, mutha kuiyang'ana kwa nthawi yaitali ili phee, koma ilibe vuto. Tsegulani Terminal, pamene timalemberapo malamulo, lembani vcgencmd measure_temp, muona kutentha kwa pulosesa. Mukaona 46 kapena 48, isiyeni ipume.

Pali kanthu kena kamene anthu sakadziwa. Mukangoyatsa Pi 5, imazunguza fani kwa kanthawi kochepa kuti ione ngati ilipo. Onetsetsani apa. Mwaiona? Yazungulira, yaima. Mukalumikiza fani kompyuta ili kale yoyaka, siizindikirika mpaka mutazimitsa n'kuyatsanso. Ndipo ikapanda kugwedezeka n'komwe poyatsa, yang'anani kapulagi kake. N'kakang'ono kwambiri, ndipo mapini ake amapindika mosavuta munthu akakakamiza.

Tsopano ya phokoso. October ndi November, kutentha kuli pachimake, fumbi la m'misewu ya ku Chinamwali ndi ku Matawale likulowa pazenera, ndi nthawi imene mafani amalira kwambiri. Tsegulani kakompyutako mutachotsa kumagetsi. Pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira kutentha mupeza fumbi litaumbana n'kutseka njira ya mpweya. Gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, chotsani fumbilo ndi burashi yofewa. Kenako izunguzeni ndi chala. Ikamakhwekhwereza kapena kugwedera, yatha ndithu, mugule ina. Onaninso mu Task Manager ya Windows, imene imaonetsa mapulogalamu amene akugwira ntchito, ngati palibe pulogalamu imene ikudya pulosesa yonse mwakachetechete. Fani yolira pamene pulosesa ili pa madigiri 85 ikugwira ntchito yake, olakwa ndi ena.

Nanga firmware timaikayikira liti? Pamene zimene fani ikuchita sizikugwirizana ndi kutentha. Kompyuta yazizira, ili pa madigiri 40, mulibe fumbi, koma fani ikuthamanga mopanda mabuleki kuyambira poyatsa. Kapena yatentha mpaka yayamba kuchedwa, fani ili chete chonsecho poyatsa inazungulira bwino. Apo ndiye tipite kwa amene anapanga kompyutayo.

Ndipo firmware imathandizadi. Raspberry Pi 4 itatuluka mu 2019, anthu anadandaula kuti ikutentha kwambiri. Chaka chomwecho kunatuluka firmware yatsopano ya kachipu ka USB kotchedwa VL805, imene inachepetsa magetsi amene bolodi imadya, kutentha n'kutsika popanda kusintha chitsulo chilichonse.

Pa Raspberry Pi njira yake ndi yaifupi. Lembani sudo apt update, kenako sudo apt full-upgrade. Mukatero lembani sudo rpi-eeprom-update, ikuuzani ngati pali bootloader yatsopano. Ikakhalapo bwerezani lamulo lomwelo mutawonjezera -a kumapeto, n'kuyatsanso.

Pa NUC pakufunika maso. Tembenuzani kakompyutako, werengani nambala ya mtundu wake pa kapepala ka pansi, chilembo ndi chilembo, chifukwa timakompyuta tiwiri tofanana maonekedwe timatha kukhala ndi BIOS yosiyana. Kumbukiraninso kuti mu 2023 Intel inasiya kupanga NUC, ntchitoyo inapita kwa ASUS, choncho mafayilo a mitundu yambiri muwapeza kumeneko. Fayilo yotumiziridwa pa WhatsApp ndi mnzanu, iyayi, ngakhale bando ikhale yodula bwanji. Musanadawunilode werengani zimene alemba kuti akonza. Ngati palibe mawu okhudza fani, kutentha kapena EC, ine sindingayembekezere zambiri. Ikani fayiloyo pa fulashi, yatsani mukudina F7, isankheni.

Apa ndiye mundimvetsere bwino. Magetsi akathima BIOS ili mkati molembedwa, kakompyutako katha osadzukanso. Chitani izi pa UPS, kabokosi ka batire kamene kamapereka magetsi akathima, kapena pa inveta imene batire lake ladzaza, osati madzulo a dzinja mabingu akugunda kuphiri. Mkati mwa ntchitoyi sikirini imatha kuda, fani n'kukuwa ndi mphamvu zonse, kompyuta n'kuzima ndi kuyaka yokha. Ndi mmene zimakhalira. Manja m'thumba, dikirani. Amene muli ndi BitLocker, loko wa mafayilo wa pa Windows, imitsani kaye kapena lembani kiyi yake papepala, apo ayi idzakufunsani inu mulibe.

Ena mwandiuza kuti phokoso linayamba mutangoika BIOS yatsopano. Kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti zimene munasankha kale zafufutika. Yatsani mukudina F2, dinani F9 kuti zonse zibwerere poyambira, kenako pitani pa Cooling. Mupezapo Quiet, Balanced ndi Cool. M'chipinda cha malata chopanda siling'i, nyengo ino yotentha, ine ndimasankha Balanced. Quiet imasangalatsa khutu koma pulosesa imakhala yotentherapo. Sungani ndi F10.

Pa Pi 5 zoterezi zimasinthidwa mu fayilo ya config.txt, imene ili mu /boot/firmware. Mukafuna kuti fani iziyamba msanga, pa madigiri 45, wonjezerani mzere wakuti dtparam=fan_temp0=45000. Nambalayo ili ndi maziro atatu kumapeto, musawaiwale. Yatsaninso, tsegulani vidiyo ya pa YouTube, muziyang'ana kutentha kukukwera mpaka fani itayamba.