Mawu a M'mawa: Kodi Tikukhala M'kati mwa Kompyuta?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Tithokoze Mulungu kuti watidzutsanso ndi moyo.

Lero ndabwera ndi funso lomwe ena mwa inu museka nalo, koma lasowetsa tulo anthu ophunzira kwambiri. Kodi dzuwa latulukali, mwana akulira kuchipindayo, msana ukukupwetekaniwo, zonsezi zingakhale pulogalamu chabe imene ikuyenda mu kompyuta yaikulu ya winawake?

M'chaka cha 2003, Nick Bostrom, katswiri wa za kaganizidwe wa ku Sweden amene ankagwira ntchito pa yunivesite ya Oxford, adalemba nkhani yomwe idautsa mkangano umenewu. Iye adati pa zinthu zitatu izi, chimodzi chiyenera kukhala choona. Mwina anthu adzatha psiti asanafike popanga makompyuta amphamvu oti n'kupanga dziko longoyerekezera lokhala ndi anthu oganiza. Mwina adzafikapo koma sadzafuna kutero. Zikalephera ziwirizo, ndiye kuti n'zodziwikiratu kuti ife tomwe tili kale m'dziko longoyerekezeralo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: amene angathe kupanga dziko limodzi lotere angapange mamiliyoni, ndipo anthu a m'makompyutawo angachuluke kutalitali kuposa anthu enieni. Ndiye inu mungadziwe bwanji kuti muli m'gulu la ochepawo? Tinene chilungamo, Bostrom sadanene kuti chachitatucho ndiye choona. Komanso nkhani yake yonse yatsamira pa mfundo yakuti makina akhoza kumva ndi kudzizindikira ngati munthu, chinthu chomwe palibe amene wachionetsapo.

Elon Musk, wabizinesi wolemera wa ku America, ndiye adaifikitsa nkhaniyi kwa anthu wamba. Mu 2016 adakumbutsa omvera za Pong, masewera a pa kanema omwe adatuluka mu 1972: timizere tiwiri ndi kadontho kothamanga uku ndi uku, basi. Patangopita zaka pafupifupi 40, anthu mamiliyoni anali kusewera limodzi pa intaneti masewera ooneka ngati zenizeni. Adati zinthu zikapitirira chomwechi, mwayi woti ifeyo tili m'dziko lenileni ndi umodzi pa mabiliyoni. Kukayika kwake sikwatsopano ayi. Zhuangzi wa ku China, Yesu asanabadwe, adasimba za kulota ali gulugufe, n'kudzuka osadziwa ngati ndi munthu amene analota gulugufe kapena gulugufe amene akulota kuti ndi munthu. Mu 1641 René Descartes, katswiri wa za kaganizidwe wa ku France, adadzifunsa ngati kulibe chiwanda chochenjera chimene chikumunamiza pa zonse zomwe akuona.

Ine sindikufuna kuti tiithawe nkhaniyi ngati kuti ndi ya akunja. Paulo atafika ku Atene adakumana ndi Aepikureya ndi Asitoiki, akatswiri a mikangano, ndipo sadawatembenukire nkhongo. Adaimirira pa bwalo la Areopagi n'kuwauza kuti mwa Mulungu tili ndi moyo, timayenda, ndipo tilipo (Machitidwe 17:28). Aheberi 11:3 akuti zinthu zooneka sizinapangidwe kuchokera ku zinthu zooneka. Akolose 1:17 akuti zonse zimagwirizana pamodzi mwa Khristu. Ndiye wina akabwera n'kunena kuti dzikoli silinadzipange lokha, kuti pali wina kunja kwake amene akuligwirizira, Mkhristu alibe chodabwa nacho. Chimandiseketsa n'chakuti ena amene adamutulutsa Mlengi pa khomo lakutsogolo amulowetsanso pa khomo lakuseri, atamuveka dzina la wolemba mapulogalamu.

Koma wolemba mapulogalamuyo si Mulungu. Iyeyo akufunika kompyuta, kompyutayo ikufunika magetsi, ndipo mwini wakeyo adabadwa kwinakwake. Adamupanga ndani? Bostrom yemweyo adavomereza kuti opanga dziko lathu akhoza kukhalanso m'kompyuta ya ena, enawonso m'kompyuta ya ena. Funso silinayankhidwe, langokankhidwira m'mwamba.

Kusiyana kwakukulu kuli pa mtima. Amene amayendetsa dziko longoyerekezera amakhala kuseri kwa galasi. Akatopa amazimitsa. Akafuna kuona kuti mliri ungachite zotani, amautumiza n'kulemba zotsatira zake, khofi ali m'manja. Mulungu wa m'Baibulo ataona zonse adazipanga adati n'zabwino ndithu (Genesis 1:31). Yesu adati mpheta ziwiri zimagulitsidwa kakobiri, koma palibe imodzi imene imagwa pansi Atate osadziwa, ndipo tsitsi la m'mutu mwanu lidawerengedwa lonse (Mateyu 10:29-30). Ndipo sadathere pa kuwerenga. Mawu adasandulika thupi nakhala pakati pathu (Yohane 1:14). Adamva njala m'chipululu. Adatopa ndi ulendo mpaka kukhala pansi pa chitsime n'kupempha madzi kwa mayi wachisamariya. Adalira pa manda a Lazaro. Misomali italowa, magazi adatuluka.

Mpingo udalimbanapo kale ndi maganizo ofanana ndi awa. Kumayambiriro kwenikweni kudabuka aphunzitsi amene ankati Yesu analibe thupi lenileni, ankangooneka ngati munthu, ndipo pa mtanda ankangooneka ngati akuvutika. Ignatius, bishopu wa ku Antiokeya, adawayankha kuchiyambi kwa zaka za m'ma 100 ali pa ulendo wopita ku Roma kukaponyedwa ku zilombo, asilikali atamumanga. M'makalata ake adafunsa kuti, ngati Khristu adavutika mongoyerekezera, nanga iye wamangidwiranji unyolo, ndipo akukaferanji? Munthu ameneyu sankatsutsana ali pa mpando wofewa. Unyolowo unkamudya m'mikono pamene ankalankhula.

Taonaninso zimene Yesu adachita atauka. Ophunzira adachita mantha poganiza kuti akuona mzukwa. Iye sadawapatse phunziro lalitali. Adawaonetsa manja ndi mapazi, nawauza kuti amukhudze, pakuti mzimu ulibe mnofu ndi mafupa. Ataona kuti akadali kakasi, adafunsa ngati ali ndi chakudya. Adampatsa chidutswa cha nsomba yootcha, ndipo adadya iwo akuyang'ana (Luka 24:39-43). Taganizani, Mbuye wa zonse akutafuna nsomba pamaso pa anthu amantha, kuti adziwe kuti ndi Iyeyo ndithu. Yesu adauzanso Tomasi kuti abwere ndi chala chake pa mabala. N'chifukwa chake Yohane atakalamba adalemba za chimene adachimva, adachiona ndi maso, ndipo manja awo adachigwira (1 Yohane 1:1).

Tsono chimene chikundidetsa nkhawa m'mawa uno si kompyuta yaikuluyo ayi. M'masewera a pa kompyuta muli anthu otchedwa ma NPC, aja amene palibe akuwayendetsa, amangoyenda m'misewu kudzaza malo, kubwereza mawu omwewomwewo. Ukawagunda ndi galimoto palibe mlandu. Masiku ano pa TikTok ndi pa Facebook achinyamata ayamba kutchula anzawo dzina limeneli, kutanthauza kuti uyu alibe maganizo, ndi wongodzaza malo m'nkhani yanga. Amanena moseka, koma mtima umenewo ndi wakale kwambiri, ndipo ife opemphera tili nawo. Wansembe ndi Mlevi adamuona bwinobwino munthu uja atagona m'mbali mwa msewu wa ku Yeriko, magazi ali chuchuchu, koma adamulambalala ngati si munthu. Sadafunike Bostrom kuti atero. Mlonda amene mumamudutsa pa geti osamupatsa moni, wantchito amene mumamukalipira pamaso pa ana, munthu amene mumamunyoza pa foni chifukwa simukuona nkhope yake pamene akuwerenga, onsewa amapita kwawo madzulo ndi zimene mwawachitazo. Yesu adati chimene mwachitira mmodzi wa aang'onong'ono awa mwachitira Ine (Mateyu 25:40).

Ndilankhulenso ndi wina amene funsoli kwa iye si masewera. Pambuyo pa maliro, ngozi, kapena nkhawa yaitali, munthu amatha kumva ngati zonse ndi maloto, ngati akudzionera patali. Zimachitika kwa anthu ambiri, ndipo si chizindikiro chakuti Mulungu wakutayani. Musakhale nazo nokha usiku mukuwerenga za makompyuta pa foni. Uzani mbale wokhulupirika, abusa anu, kapena dokotala.

Tipemphere. Atate, Inu amene mukugwirizira zonse ndi mawu a mphamvu yanu, zikomo chifukwa cha Mwana wanu amene adavala thupi ngati lathuli. Titsegulireni maso lero kuti tione anthu amene takhala tikuwalambalala, ndipo mutipatse kulimba mtima koima ndi kuwafunsa kuti adzuka bwanji. Gwirani dzanja aliyense amene wadzuka ndi mantha kapena chisoni. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.