Chifukwa chiyani wantchito wabwino amakuthawani?

Zikomo a mfumu, a komiti ya msika, amayi ndi abambo nonse. Pano pali a magalaja, a zigayo, matelala ndi a magolosale, koma dandaulo lanu ndi limodzi: mwana ndamuphunzitsa ntchito, wangoidziwa basi wachoka.

Taonani mmene zimayendera. Mnyamata afika pa shopu yowotcherera zitsulo, makina sadziwa n'kuyatsa komwe. Miyezi ingapo akungokuwonongerani zitsulo. Chaka chachiwiri akupanga yekha mageti ndi mafelemu a mazenera, makasitomala ayamba kufunsa kuti, "Kodi mnyamata uja ali kuti?" Pamenepo m'pamene bwana wa tsidya la msewu amamuitanira pambali, kapena msuweni wake wa ku Joni amamutumizira ya basi. Mwavutika kuphunzitsa ndinu, akudyerera ndi wina.

Ena mukuti vuto ndi ndalama. Inde, mbali ina. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, ufa, sopo ndi lendi zonse zidakwera. Mu 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi. Bwana amene sadasinthe kanthu nthawi imeneyo, wantchito wake adasauka ali pantchito.

Koma ine ndimaona kuti chothamangitsa anthu kwambiri ndi tsiku lolandira. Pa 30 bwana akuti, "Ndikupatsa Lolemba, katundu sanayende." Lolemba likafika, ampatsa theka. Musaseke, amayi, ena muli pompano! Alandilodi sadikira Lolemba. Mnyamata uja athamangira kwa akatapila, atenga K20,000 yoti adzabweze K30,000. Mwezi wamawa salale ingodutsa m'manja mwake kupita kwa mwini ngongole. Munthu wotere akamva kuti kwinakwake amalipira zocheperako pang'ono koma tsiku silisuntha, amapita ndithu. Ine sindingamunene kuti ndi wosayamika.

Kumbukiraninso kuti mukulimbirana anthu ndi makampani. Kumeneko bwana amaika 10 peresenti ya malipiro a wantchito ku penshoni, wantchito 5 peresenti. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati wogwira masiku 6 pa sabata apume masiku 18 pa chaka akulandira malipiro, ndipo mayi wapakati apatsidwe masabata 8. Lamuloli si la makampani okha ayi, likukhudza inunso. Telala amene sanapumepo chiyambire ntchito, ndipo maliro a kwawo amachita kupempha mogwada, mtima wake udachoka kale, chatsala pa makinapo ndi thupi chabe.

Pa kalembedwe ka ntchito ndinenapo chimodzi. Ambiri timalemba mwana wa achemwali chifukwa achemwaliwo adandaula. Akayamba kujomba simungamuchotse, nkhani ikafika kwa amalume, ndipo wantchito waluso uja akuona kuti mnzake waulesi akulandira zofanana naye. Kaya ndi mbale kaya ndi mlendo, muyeseni kaye. Mpatseni nsalu asoke shati, muone kolala ndi mabatani. Mpatseni injini aimasule, aibwezeretse. Mukakhutira, khalani pansi mulembe pa pepala: ntchito yake ndi iti, malipiro ndi angati, tsiku lolandira ndi liti, ovataimu muziwerengera bwanji, ndi mwezi umene mudzakambirane zokweza. Musaine nonse awiri, pepala lina atenge iyeyo.

Bambo kumbuyoko mwakweza dzanja kalekale, tiyeni tikumveni.