Kujambula jazi ya anthu atatu m'bala ku Tete

Moni abale anga a ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza, ndi inu amene tili limodzi tsidya lino la Zóbuè. Mukundimva kuchokera mumzinda wa Tete, m'mphepete mwa Zambezi. Lero tikambe za kujambula chimbale m'bala anthu ali momwemo: gitala, besi ndi ng'oma basi.

Mukamvere chimbale cha woimba gitala wa jazi Jim Hall chotchedwa Live!, chimene anajambula mu 1975 ku kalabu ya Bourbon Street, ku Toronto m'dziko la Canada, Don Thompson ali pa besi, Terry Clarke pa ng'oma. Mulibe piyano, choncho gitala imasiya mipata yambiri, ndipo m'mipatamo kaphokoso kalikonse kamamveka. Vuto la kuno lagona pamenepo.

Mu Okotobala dzuwa la Tete limapitirira madigiri 40, ndiye m'bala mafiriji ndi mafani zimangolira usiku wonse. Kambiranani ndi eni bala kudakali masana: firiji yoyandikana ndi oimba izimitsidwe kwa mphindi 45 za chigawo chilichonse, zakumwa zikhale mu ayezi. Fani isaloze ku maikolofoni. Nsambo zatsopano za gitala mangani kutatsala masiku awiri, chifukwa zomanga tsiku lomwelo zimafutukabe, ndipo kukatentha zimachoka msanga pa kiyi. Chunani ikatha nyimbo iliyonse.

Za magetsi, mapulagi akwathu a mano atatu aja salowa m'masoketi a kuno a mabowo ozungulira. Adaputala yotchipa nthawi zambiri imasiya waya wa earth, ampu (chokuzira mawu) n'kuyamba kung'ung'udza. Ampu, mikisa ndi chojambulira zonse zidye pa soketi imodzi yokhala ndi earth.

Pa ampu ya gitala ikani maikolofoni ya Shure SM57 motalikira zala ziwiri kuchokera pa nsalu, cham'mbali pang'ono mwa sipika. Pakati penipeni mawu amabaya m'khutu, pomwe jazi imafuna mawu onenepa. Pamwamba pa ng'oma mamaikolofoni awiri akwana, koma yezani ndi chingwe kuti onse atalikire mofanana kuchokera pa snare, ng'oma yaing'ono ya patsogolo pa woimbayo. Akasiyana, ng'omayo imamveka yopyapyala. Besi ilowe kudzera mu DI, kabokosi kolumikizira chida molunjika ku mikisa popanda maikolofoni. Maikolofoni ina iyang'ane kwa anthu, kuwomba m'manja kwawo ndimakukonda kwambiri pa chimbale chotere.

Jambulani pa 24-bit, mawu akakwera kwambiri azifika cha pa -12 dB pa mita ya chojambulira, popeza woimba ng'oma akatenthedwa amamenya mwamphamvu kuposa poyeserera paja. Ndipo pemphani masiku awiri, Lachisanu ndi Loweruka, kuti botolo likagwa pakati pa nyimbo yabwino mukhale ndi ina yosankhapo.