Mfutso: kufutsa bwino ndi kudziwa mwezi wogulitsa

Zikomo a mfumu potipatsa bwalo. Amayi ndi abambo, nkhani ya lero ndi ya ndiwo zimene zina timazilambula ngati udzu popalira: bonongwe, chisoso, luni, denje, kuphatikizapo nkhwani, chitambe ndi khwanya.

Mu Januwale ndi Febuluwale masamba amenewa amakhala mbwee. Mukapita nawo kumsika mumapeza aliyense wabwera ndi omwewo, dzuwa likafika pamutu afota, mumangowapereka pamtengo wongotaya. Koma dikirani Okutobala ndi Novembala, madimba ambiri atauma. Munthu wa m'tauni amayendayenda kufuna mfutso woti atendere. Masamba ndi omwewo, chasintha ndi mwezi.

Mfutso wambiri wogulitsa muzifutsa mu Malichi ndi Epulo mvula ikamadukiza, chifukwa pakati pa dzinja masamba amachedwa kuuma ndipo amachita nkhungu. Thyolani anthete okha, m'mawa mame atangokamuka. Bonongwe wa kudzala kapena pafupi ndi chimbudzi musiyeni, ngakhale anenepe bwanji. Nkhwani usadzuleni, ndipo musakolole masamba onse pa phando limodzi, mungaphe maungu.

Tsukani kawiri musanadule. Madzi ayambe awira, muthiremo kamchere, kenako ikani masamba kwa mphindi ziwiri kapena zitatu basi. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa: timawiritsa mpaka ndiwo kupsa, ndiye mfutso umada bii, fungo limatha, zakudya za m'thupi zimatsalira m'madzi. Soda musathire, amawononga mavitamini. Denje yekha sawiritsidwa, amangoyanikidwa.

Yanikani pathandala, pamphasa yoyera, mopyapyala, pamalo podutsa mphepo. Dzuwa loswa mtengo limafwifwitsa mtundu, choncho mthunzi wopepuka ndi wabwino. Pansi ayi. Wogula akaluma mchenga kamodzi, sabweranso kwa inu, ndipo amauza anzake. Tembenuzani masana, madzulo lowetsani m'nyumba. Pakatha masiku awiri mpaka anayi, finyani m'manja: ukaphwanyika wauma, ukangopindika bwezani pathandala.

Tiwerengere limodzi. Masamba aawisi olemera makilogalamu 10 amatsala pafupifupi kilogalamu imodzi akauma, chifukwa ambiri ndi madzi. Ndiye poika mtengo muzikumbukira kuti kadzanja kamodzi ka mfutso ndi mulu waukulu wa masamba, kuonjezapo nkhuni ndi thukuta lanu.

Chikwatu cha masamba a msuku chomanga ndi luzi, chopachika kudenga la khitchini, chimasunga bwino mpaka chilimwe. Makolo sadalakwitse pamenepo. Ndowa yotseka bwino imathandizanso. M'majumbo muziika pokhapokha mfutso wauma gwa, apo ayi umachita thukuta n'kuola. Mtundu uliwonse paokha, chifukwa wofuna chitambe safuna kuwawa kwa luni. Mwezi uliwonse tsegulani muone ngati mwalowa chinyezi kapena mbewa.

Amayi a banki mkhonde, sonkhanitsani mfutso wanu, mugwirizane muyezo umodzi ndi mtengo umodzi, mmodzi akwere minibasi m'malo mwa anthu khumi. Ndipo pothyola, siyaniko mitengo ingapo ya bonongwe ndi luni ikhwime, mutenge mbewu. Njere za bonongwe ndi zazing'ono kwambiri, pofesa muzisakaniza ndi mchenga kuti zisamere mothithikana.