Mawu a mzungu ndi anthu-akavalo a ku Oakland

Amayi, abambo ndi achinyamata nonse, zikomo pobwera. Tisanazimitse magetsi ndikufuna tikambiraneko pang'ono za filimu ya lero. Ndipemphe kaye kuti amene mwabwera ndi ana muwaperekeze panja, chifukwa muli zotukwana komanso zamaliseche.

Filimuyi ndi Sorry to Bother You, ya mu 2018. Mutuwo ndi mawu amene wogulitsa malonda pafoni amayambira, kupepesa kuti wakusokonezani. Anailemba ndi kuitsogolera ndi Boots Riley, woimba wa gulu la The Coup, ndipo inali filimu yake yoyamba. Ntchito yoimbira anthu mafoniyi iyeyo anaigwirapo, ndiye akaiseka amaseka chinthu chimene akuchidziwa. Nkhani ikuchitikira kwawo ku Oakland, m'chigawo cha California.

Mnyamata wathu ndi Cassius Green, anzake amati Cash, ndipo akusewera ndi Lakeith Stanfield. Amagona m'galaja ya amalume ake, lendi sanalipire miyezi ingapo, amalumewo nawonso nyumba ili pafupi kulandidwa. Apeza ntchito pakampani ya RegalView, koma aliyense amene wamuimbira akungomudulira foni. Ndiye mkulu wina wapambali pake, Langston, amene akusewera ndi Danny Glover, amuuza kuti azilankhula ndi mawu a mzungu.

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Ambiri amaganiza kuti mkuluyu akunena za kupotokola lilime kapena kulankhulira m'mphuno. Ayi. Akufotokoza kuti ndi mawu a munthu amene alibe nkhawa, ngongole zake zonse analipira, ndipo malondawo mugule musagule iye sagona ndi njala. Akutinso ngakhale azunguwo si mmene amamvekera, ndi mmene amalakalaka atamamveka. Riley anachita kutenga mzungu weniweni, David Cross, kuti mawu ake azituluka pakamwa pa Cash. Mudzaseka, inenso ndinaseka. Koma ndani muno amene sanasinthepo mawu foni ya abwana italira? Ine ndinakhalapo pamzere paofesi ina, ndikulankhula Chichewa osandilabadira, nditayamba Chingelezi mpando unapezeka. Chimene filimuyi ikuwonjezera n'chakuti khungu ndi thumba zimayendera limodzi: wosauka amamveka kuti ndi wosauka asanatchule n'komwe mtengo.

Mawu aja amuyendera. Akwezedwa kukhala Power Caller, kutanthauza wogulitsa wapamwamba, n'kumakwera chikepe chagolide kupita kumwamba. Nthawi yomweyo anzake, motsogozedwa ndi Squeeze, ayamba kunyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, ndipo Cash akudutsa pakati pawo m'mawa uliwonse, achitetezo akumulambulira njira. Bwenzi lake Detroit amusiya.

Musafulumire kumuweruza. Ndalama zake zoyamba awombolera nyumba ya amalume. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo munthu wangongole amaona fodyayo basi. Cash si mfiti. Ndi mwana amene ambiri a ife tikanamuyamikira kuti wathandiza kwawo. N'chifukwa chake filimuyi imandiwawa.

Nanga kumwambako akugulitsa chiyani? Zida zankhondo, ndiponso anthu. Pali kampani ya WorryFree, dzina lake likulonjeza moyo wopanda nkhawa. Ukasaina kontirakiti ya moyo wonse, amakupatsa pogona ndi chakudya, malipiro palibe. Ife a kuno sitifunika kutiuza kuti chimenechi n'chiyani. Agogo athu a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu ankachitcha thangata, kugwira ntchito pa esiteti kuti uloledwe kukhala pamalo, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Kusiyana kwake n'kwakuti WorryFree imaulutsa malonda pa TV, anthu akumwetulira pamabedi osanjikizana.

Zotsatirazi ndikuuzirani dala, kuti zikafika musadzuke n'kumati filimu yasokonekera. Mwini kampaniyo, Steve Lift, aitanira Cash kuphwando kunyumba kwake. Kumeneko alendo achizungu amukakamiza kuimba rap, poganiza kuti wakuda aliyense amatha. Pofunafuna chimbudzi, Cash atsegula chitseko cholakwika n'kupeza anthu omangidwa maunyolo, theka munthu theka kavalo, akulira kuti awathandize. Kampani ikuwasandutsa choncho ndi ufa wofwenkha kuti akhale amphamvu ndi omvera. Lift sakuchita manyazi. Akufotokoza modekha ngati akuwerenga lipoti la pachaka, ndipo akulonjeza Cash madola 100 miliyoni kuti akhale kavalo zaka zisanu, azinamizira kukhala mtsogoleri wa anzakewo pamene akumvera kampani.

Akavalowo anthu amawakumbukira kwambiri, koma kwa ine chowopsa chili patsogolo pake. Cash alolera kunyozedwa ndi kumenyedwa papulogalamu ya pa TV kuti aonetse dziko lonse umboni. Dziko liona. Kenako mtengo wa masheya a WorryFree ukwera kuposa kale, anthu n'kumatama Lift kuti wabweretsa nzeru zatsopano. Squeeze akufotokoza chifukwa chake: munthu ukamuonetsa vuto koma osadziwa chochita nalo, amangolizolowera. Ganizirani nkhani zakatangale zimene timatumizirana pa WhatsApp, kudandaula masiku awiri, lachitatu taiwala.

Ndiye Cash abwerera kumzere wa onyanyala, kukapepesa kwa anzake. Tsiku limenelo achitetezo akulephera kudutsa, ndipo amene akuthyola galimoto imene Cash watsekeredwamo ndi anthu-akavalo aja. Abwerera m'galaja ija ndi Detroit, n'kumaoneka ngati zatha bwino. Koma ufa uja anaufwenkha kale. Zilembo za mayina zikayamba kukwera musanyamuke, pali kachigawo kena pakhomo pa Steve Lift.

Achimwene muli kumbuyoko, tazimitsani magetsi.