Mphwanga, usanalipire gemu ya malikisi 97, mvera kaye izi

Eee, mphwanga, wadzuka bwanji kumeneko ku Moatize? Ife kuno ku Ulongwe tadzuka, kungoti kwazizira m'mawa uno. Uthenga wako ndinaumva usiku, koma sindinafune kuyankha molemba chifukwa nkhaniyi ndi yaitali. Upeze pokhala umvetsere mpaka kumapeto. Ukamva phokoso kumbuyoku, ndi anyamata akumenya mpira pa TV yachiwiri.

Wati ndalama ya kachewere imene amayi anakugawira ija ukufuna kugulira magemu awiri, Red Dead Redemption 2 ndi Elden Ring, oti uike m'kanyumba kako kosewereramo, ndipo wati onse awiri ali ndi malikisi opitirira 90 pa intaneti, ndiye sangakhale oipa. Ndalamayo ibweze kaye m'thumba. Sindikukuletsa kugula, ayi. Ndikufuna ugule utadziwa chimene nambala imeneyo ikunena ndi chimene siikunena.

Ine zinandichitikira chaka chimene ndinatsegula malo anga ano. Ndinakwera chapa mpaka ku Tete kukatenga chimbale cha gemu ina imene dziko lonse linkaitama. Ndinabwera nacho nditachikulunga m'malaya ngati dzira. Nditachiika m'makina, chinayamba ndi kufuna update, zowonjezera zotsitsa pa intaneti, ndipo inatenga masiku awiri, mamega anga onse a mwezi n'kuthera pomwepo. Itatseguka, ola loyamba lonse linali la anthu kuyankhulana ndi kuyenda pang'onopang'ono. Mnyamata woyamba kuiyesa analipira theka la ola, nthawi yake n'kutha asanamenyane ndi aliyense. Anandiyang'ana, ine n'kumubwezera ndalama yake. Pomatha sabata panalibenso woifunsa. Ndinati mwina vuto ndi ana, ndiye ndinayamba kuisewera ndekha usiku ndikatseka. Masabata atatu, mphwanga. Zithunzi zake zinali zokongola zedi, koma zochita zake zinali pita uko, katenge icho, bwera nacho, pitanso. Ndinkamva ngati ndili paganyu. Chimene chinandipweteka kwambiri si ndalama yokha. Ndinkadzikayikira ndekha, kumati anthu onsewa akuti ndi yabwino, ndiye ine ndi amene sindikuzindikira? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma ukaona aliyense akudya umayamba kuganiza kuti lilime lako ndi limene lalakwa.

Tsopano nambala ijayi imachokera kuti? Malo amene anthu ambiri amaonerapo ndi Metacritic. Iwo sasewera gemu. Amasonkhanitsa ndemanga za olemba nkhani za magemu, ambiri a ku America ndi ku Ulaya, n'kuwerengera pamodzi kuti patuluke nambala imodzi pa 100. Olembawo kawirikawiri amapatsidwa gemuyo ulere isanatuluke, amaisewera pa makina amphamvu, pa TV yaikulu, intaneti yosaduka, ndipo kusewerako ndiyo ntchito yawo. Sindikunena kuti ndi abodza. Ndikunena kuti akamati 95, akuyeza ndi mlingo wa kwawo. Sanaonepo magetsi olipiriratu a Credelec akutha pakati pa mpikisano, sadziwa kutentha kwa ku Moatize mu Okutobala pamene makina amalira ngati chigayo.

Ndiye chinthu choyamba kuchita: ukatsegula tsamba la gemu, yang'ana kuti malikisiwo ndi a makina ati. Gemu imodzi imakhala ndi nambala ya pa kompyuta, ina ya makina a PlayStation 4 (PS4), ina ya PS5, ndipo zimatha kusiyana kutalitali. Chitsanzo chimene aliyense amachidziwa ndi Cyberpunk 2077. Inatuluka pa 10 Disembala 2020. Olemba ndemanga anapatsidwa ya pa kompyuta yokha, ndipo malikisi oyamba anali cha m'ma 90. Anthu a PS4 anagula atakhulupirira nambala imeneyo, n'kupeza kuti pa makina awo ikungodukaduka, zinthu zikusowa pa sikirini. Malikisi a PS4 atabwera anali m'ma 50. Patangopita sabata imodzi Sony, kampani yopanga PlayStation, inaichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti n'kuyamba kubweza ndalama, ndipo inabwereranso mu Juni 2021. Pambuyo pake anaikonza, anthu ambiri tsopano amaikonda, makamaka pa makina atsopano. Koma iwe uli ndi PS4, wamva? Nambala ya PS5 si yako.

Dikira kaye, wina akufuna chenji.

Eya, ndabwera. Ndimati chiyani... eya, malikisi. Pambali pa nambala ya olemba nkhani pali ina ya osewera wamba, imeneyo imakhala pa 10. Usathamangire kunena kuti iyi ndiye yoona chifukwa ndi ya anthu ngati ife. Nayonso imanama mwa njira yake. The Last of Us Part II itatuluka mu Juni 2020, olemba nkhani anaipatsa 93, koma m'maola oyambirira omwewo anthu zikwizikwi anathamangira kukaipatsa 0, pamene gemuyo imafuna maola opitirira 20 kuti uimalize. Ambiri anali asanaigwire n'komwe, anangokwiya ndi zimene anamva za nkhani yake. Zitachitika zimenezo Metacritic inaika lamulo loti osewera adikire maola 36 gemu itatuluka asanalembe ndemanga. Ndiye iwe uzichita chonchi: wopereka 10 musiye, wopereka 0 musiye. Funafuna amene wapereka 5, 6, 7, ndipo walemba mizere ingapo. Ameneyo ndiye amakuuza kuti apa pakoma, apa pakutopetsa. Ukapeza anthu atatu osadziwana akudandaula chinthu chimodzi, monga kuti chiyambi chake n'chochedwa kapena kuti zochita zikungobwerezabwereza, chikhulupirire.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene chikanandipulumutsa ine: usaonere trailer. Trailer ndi malonda, amasankha masekondi okoma okhaokha n'kuikapo nyimbo. Pita pa YouTube, lemba dzina la gemuyo, uwonjezere mawu akuti gameplay ndi PS4. Sankha kanema wa munthu amene akungosewera osayankhula. Tsitsa kawonekedwe kake kakhale 360p kuti mamega asathe. Onera mphindi 20 zoyambirira ndipo uziwerenga kuti ndi mphindi zingati zimene munthuyo akugwiradi kontirola, ndi zingati zimene akungoonera. Ukatero dumpha, pita pa gawo lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi, pakati pa gemu, uone ngati akuchitabe zomwe zija. Magemu ambiri otamidwa amaika mphamvu zonse koyambirira ndi kumapeto, pakati n'kudzaza ndi maulendo.

Tsopano ndibwere pa magemu awiri watchula aja, chifukwa ndikufuna undimvetse bwino. Red Dead Redemption 2 ndi ya 2018, ili ndi 97, ndipo anthu amene anaipanga anagwira ntchito yaikulu, zimenezo sindikutsutsa. Koma pa PS4 imabwera m'zimbale ziwiri, imadya malo pafupifupi 100GB, nkhani yake yokha imafuna maola ngati 50, ndipo imayamba ndi anthu akuyenda m'chipale chofewa pa akavalo, modekha kwambiri. Inapangidwira munthu mmodzi wokhala m'nyumba mwake usiku ndi usiku kwa miyezi. Mwana wasukulu amene wabwera ndi kandalama ka mphindi 15 apindula chiyani? Ndiponso onse azisewera pa save imodzi, malo amodzi osungira pamene munthu wafika, wina akumupitirizira mnzake nkhani. Elden Ring nayo, ya 2022, inatenga mphotho ya gemu yopambana chaka chimenecho pa The Game Awards. Ilibe posankha kuti ndikufuna zophweka. Umafa, umafanso, umafanso, mpaka uphunzire kayendedwe ka mdani. Pali anthu amene chimenecho ndiye chimawasangalatsa, ndipo ndimawalemekeza. Koma kasitomala akafa kasanu m'mphindi khumi amaika kontirola pansi n'kupita kwa mnzako wa tsidya la msewu amene ali ndi mpira.

Udzifunse kaye: gemuyi ndikugulira ine kapena makasitomala? Ngati ndi yako, ya usiku ukatseka, ndipo uli ndi mtima wodekha, imeneyo ndi nkhani ina, tikhoza kukambirana. Ngati ndi ya bizinesi, gemu iyenera kulola anthu awiri kukhala pa TV imodzi, ndipo pomatha mphindi khumi pakhale wopambana ndi wogonja. N'chifukwa chake mpira sutha mphamvu, kaya ndi PES yakale kaya FIFA, imene kuyambira 2023 imatchedwa EA Sports FC. N'chifukwa chake magemu a ndewu monga Mortal Kombat ndi Tekken amadzaza benchi. Ngakhale GTA San Andreas ya 2004 ana akuifunabe mpaka lero, chifukwa suchedwa kukwera galimoto. Ndipo pa mpira usavutike ndi ya chaka chino. Ya chaka chatha imatsika mtengo kwambiri yatsopano ikangotuluka, koma kasewereredwe kake sikasiyana kwenikweni.

Ukafika pogula, chigwire chikuto m'manja, uchitembenuze. Kumbuyo kuli timabokosi ting'onoting'ono timene anthu sawerenga. Kena kamanena chiwerengero cha osewera pa makina amodzi. Pakalembedwa 1 yekha, wadziwa kale. Kena kamanena malo amene ikufuna, ndiye uyambe waona kuti hard disk yako yatsala ndi angati. Kena kamanena ngati ikufuna intaneti nthawi zonse, kapena ngati kusewera ndi anthu akutali kukufuna PlayStation Plus, imene ndi ndalama ina yolipira pambali. Gemu yofuna intaneti nthawi zonse isiye, ngakhale ikhale ndi malikisi 100. Maseva ake ali kutali ndi ife, ukadina batani munthu wako amayankha mochedwa, ndipo netiweki ikagwa gemu yagwa nayo.

Uonenso chiyankhulo. Ichi anthu amachiiwala kwambiri. Gemu zotamidwa chifukwa cha nkhani yake, kukoma kwake kuli m'mawu. Anyamata ako ku Moatize amawerenga Chipwitikizi, ena Chingerezi pang'ono chabe. Magemu ambiri aakulu ali ndi mawu olembedwa a Chipwitikizi, nthawi zambiri cha ku Brazil, koma si chimbale chilichonse chimene chili nawo, zimatengera dera limene chinapangidwira. Usangomva kuti chilipo. Wogulitsayo achiike m'makina iwe ukuona, mulowe pa zosankha, uone Português ndi maso ako. Akakana kuyesa, tenga ndalama yako uzipita. Uyang'anenso pansi pa chimbalecho padzuwa ngati palibe mikwingwirima.

Za kugula pa intaneti ndingokuuza mwachidule. Ambiri kuno timatsegula akaunti ya ku South Africa kapena ya ku Portugal. Pa PlayStation amabweza ndalama m'masiku 14 pokhapokha ngati sunayambe kuitsitsa gemuyo. Ukangoyamba, basi ndi yako. Pa Steam, sitolo ya magemu a pa kompyuta, amabweza ngati sipanathe masiku 14 ndipo sunasewere maola opitirira 2. Chimbale chili ndi ubwino umodzi umene zonsezi zilibe: chikakukhumudwitsa ukhoza kuchigulitsa kapena kusinthana ndi mnzako. Kwa iwe amene ukungoyamba kumene, gula chimbale.

Chinanso, ngati wagula kale gemu ndipo siikukukomera, usadzikakamize ngati mmene ndinachitira ine. Pa intaneti adzakuuza kuti pirira, imayamba kukoma ukafika pa maola 10. Maola 10 amenewo ndi magetsi ako, ndi tulo tako, ndi nthawi imene makinawo akanakhala akulowetsa ndalama. Ipatse madzulo awiri, mtima uli m'malo, foni ili kutali. Tsiku lachitatu ukaona kuti dzanja likupita lokha ku chimbale china, ichotse mu hard disk, chimbalecho uchipukute, uchibweze m'chikuto chake chisanakandike, uchigulitse mtengo usanagwe. Ndipo wina akakufunsa, umuuze zoona kuti ine sinandikomere, chifukwa chake ndi ichi. Sunalakwe kanthu.

Ndiye tipange chonchi. Loweruka kwera chapa ya m'mawa ubwere kuno. Mnzanga wina wa ku Dómuè ali nazo zonse ziwiri, ndamupempha kale ndipo wavomera kutibwereka mpaka Lamlungu madzulo. Ndiziika m'makina Lachisanu usiku kuti ma update athe iwe usanafike. Tidzaika imodzi pa TV yoyamba, mpira pa TV yachiwiri, mtengo wofanana, ife n'kukhala pakhomo kumaona kumene ana akulowera. Ubwere ndi jekete, kuno si ku Moatize. Ndalama ya amayi ija uisiye pa M-Pesa, usayende nayo m'thumba. Undiuze ukadutsa pa Mussacama kuti ndikakudikire pa siteji.